Tinaseka mphindi 20, kenaka mayi wina anadzuka n'kumapita

Loweruka lina madzulo, nthawi imene msika wa fodya ku Chinkhoma unali mkati, ndinali kwa alamu anga kufupi ndi pa boma pa Kasungu. Kwawo kuli sola yamphamvu, ndiye kukangoda pabalaza pamadzaza: ana pamkeka, amayi pampando wautali, abambofe chiimirire pakhomo ngati tikungodutsa, chonsecho maso ali pa TV. Tsikulo kunali sewero la nthabwala la konkuno kwathu, aja obwera kamodzi pa sabata, anthu ake omwewo, nyumba yomweyo, kusintha mavuto okha. Dzina la sewerolo sinditchula, ngakhalenso la wailesi ya kanema imene inkaulutsa.

Gawo la tsikulo linali lokoma zedi. Bambo wina wokonda kudzitama wabwereka suti kwa mnzake kuti akatchene ku chinkhoswe cha mphwake. Sakudziwa kuti mwini sutiyo ali ndi ngongole ya katapila, ndipo wakatapilayo nkhope ya wangongole anaiiwala koma sutiyo amaidziwa bwino. Ku chinkhosweko wakatapila alipo. Bambo uja akati akatunge thobwa, munthu ali pambuyo. Akati akaponye ndalama pa perekaniperekani, munthu ali pambali. Iye n'kumayesa kuti ndi ulemu wa suti, mpaka kumunong'oneza mkazi wake kuti aone mmene mabwana amalemekezekera. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Gogo wa pakhomopo, munthu wosaseka wamba, anachita kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Zitaululika, wakatapila atamugwira pakhosi kuti ndalama zituluke, bambo uja anacheuka n'kuona mnyamata wa khungu lachialubino akudutsa ndi mbale za chakudya. Ndiye n'kumuuza wakatapilayo kuti asavutike, chikole chake ndi icho chikuyendacho. Mu TV munamveka chikhakhali cha anthu ambiri. Pabalaza ena anaseka, makamaka anyamata. Mayi wina woyandikana nawo nyumba, amene mwana wake wamkazi ndi wa khungu lachialubino, anadzuka mwakachetechete, n'kubereka khanda lake limene linali litagona, nati, "Tapita ife, tionana mawa." Sewero linali litatsala ndi mphindi zinayi kapena zisanu. Mwina mathero ake anali oseketsa, koma ndafunsa anthu atatu amene analipo, palibe amene akuwakumbukira.

M'mawa mwake tikumwa tiyi, alamu anga anati, "Koma alamu, si sewero chabe lija? Mawu amodzi okha basi, mwaiwala kuseka konse kuja?" Funso lawoli si lopusa, ndipo si ku Kasungu kokha kumene lafunsidwa. Mawailesi akuluakulu a kanema ku Britain ndi ku America akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. Kuti tiliyankhe bwino tiyenera kuyamba taona mmene sewero lotere limagwirira ntchito pa munthu woonera.

Kunja sewero la mtundu uwu amalitcha sitcom. Chimene chimalisiyanitsa ndi filimu n'chakuti anthu ake sasintha. Ku America gawo limodzi limatenga pafupifupi mphindi 22, zotsala pa theka la ola zimapita kwa otsatsa malonda. M'kanthawi kameneko vuto liyenera kubadwa, kukula n'kutha, kuti sabata yamawa aliyense adzayambirenso pamene anali: wabodza adzanamenso, waumbombo adzamanenso. Kwathu kuno TV inachedwa kubwera, TVM inayamba kuulutsa mu 1999, koma khutu lathu linali litazolowera kale mtundu umenewu kudzera pa wailesi ya MBC, m'mapulogalamu ngati Kapalepale ndi Pamajiga, komanso kwa Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi. Munthu ukawamva anthu omwewo sabata ndi sabata, amasanduka ngati a pamudzi. Umadziwiratu kuti uje akangotsegula pakamwa atulutsa zotani, ndipo theka la kusekako limachokera pa kudziwiratuko.

Choncho pakati pa sewero ndi woonera pamakhala pangano losalembedwa: khala pansi, masuka, muno palibe avulale zenizeni. Mr Bean, amene Rowan Atkinson anajambula zigawo 15 zokha pakati pa 1990 ndi 1995, mpaka lero amagwetsa ana ndi phwete m'mavidiyo sho a pa Santhe, ana osamva Chingerezi ndi liwu limodzi lomwe. Amaseka momasuka chifukwa wolowa m'mavuto kawirikawiri ndi iye mwini, ndipo amadziwa kuti atulukamo wamoyo.

Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Colorado, Peter McGraw ndi Caleb Warren, analongosola zimenezi mu 2010 m'njira imene ine ndimaiona yosavuta kumva. Iwo anati munthu amaseka pamene zinthu ziwiri zachitikira limodzi: china chake chalakwika, koma nthawi yomweyo chikuoneka kuti n'chosaopsa. Chitsanzo chapafupi ndi kugirigisha. Mayi akamagirigisha mwana wake, mwanayo amafa nacho chikhakhali, chifukwa zala zikumuukira koma ndi zala za amake. Wodutsa m'njira wosamudziwa atati amugirigishe, mwana yemweyo akuwa. Ukadzigirigisha wekha palibe chimachitika, chifukwa palibe chakuukira. Nthabwala imakhala pakati pamenepo, pakampata kochepa. Ikapanda kuluma konse ndi yozizira; ikaluma mpaka magazi si nthabwalanso.

Nkhani ya suti ija inali pakampatapo. Munthu wachita manyazi pachinkhoswe, inde, koma manyazi a wodzitama sapha. Nkhani ya chikole choyenda inali kwina. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, dziko lino linaona abale athu a khungu lachialubino akubedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, zonsezi chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mu Epulo 2016, m'boma lomwe lino la Kasungu, mwana wamkazi wosakwana zaka ziwiri anabedwa usiku ali m'tulo pambali pa mayi ake, ndipo patapita masiku kunangopezeka zotsalira za thupi lake paphiri lina. Chaka chomwecho bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti lokhudza nkhanzazi, ndipo bungwe la eni ake, APAM, lakhala likudandaula za mayina amene anthuwa amakuwiridwa mumsewu, monga "ndalama" ndi "makobiri". Ndiye kuti wolemba sewero uja sanapeke kanthu katsopano. Anangotola mawu amene mwana wa mayi uja amawamva akamapita kusukulu, mawu amene amachititsa kuti mayi ake azimuperekeza mpaka pageti, n'kuwaika m'kamwa mwa munthu amene tonse tinali titamukonda kwa mphindi 20.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso la alamu anga lakuti mawu amodzi angawononge bwanji zonse. Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, koma pa sewero zimachitika mwanjira yakeyake, ndipo njirayo imabwerera m'mbuyo. Kwa mphindi 20 tinali kumbali ya bambo wa suti. Tinkamuseka, koma kumuseka kwachikondi, ngati mmene umasekera malume wako wokonda kudzitama. Atangotulutsa mawu aja, anasanduka munthu wina, munthu woti akhoza kuona mwana wa mnzake ngati katundu. Tsono kuseka konse kumene tinaseka naye poyamba kunasanduka ngati chakudya chimene wadya mokoma kenaka n'kuuzidwa kuti mumphikamo munagwera chiyani. Sungachisanze, koma sunganenenso kuti chinali chokoma.

Palinso nkhani ya chikhakhali chija chinamveka mu TV. M'masewero ambiri kusekako sikuchokera kwa anthu amene anali pamalo ojambulira. Ndi kojambulidwa kale, kongolumikizidwa pa kompyuta. Luso limeneli analikulitsa ndi katswiri wa zamawu wa ku America, Charley Douglass, m'zaka za m'ma 1950. Anapanga bokosi lokhala ndi mabatani ngati limba, batani lililonse ndi mtundu wake wa kuseka. Ndipo zimagwira ntchito. Mu 2019 ofufuza a pa University College London, motsogozedwa ndi Sophie Scott, anapeza kuti anthu amaona nthabwala zozizira ngati zoseketsako zikaphatikizidwa ndi mawu a anthu akuseka. Kale pang'ono, wofufuza wina, Robert Provine, anapeza kuti mwayi woti munthu aseke ali ndi anzake umaposa wa pamene ali yekha pafupifupi ka 30. Kuseka n'kopatsirana ngati kuyasamula. Ndiye anyamata aja anaseka pabalaza paja sindingathamangire kuwaweruza. Ena mwa iwo anaseka asanamve n'komwe chimene chanenedwa. Koma taganizani mmene chikhakhali chimenecho chinamvekera m'makutu a mayi uja. Mawu achipongwe a munthu mmodzi akhoza kuwapirira. Apa TV inamuuza kuti gulu lonse lagwirizana nazo, ndipo wina anachita kusankha, ndi dzanja lake, kuti chikhakhalicho chiikidwe pamenepo.

Chikangochitika chimenecho, pabalaza sipakhalanso gulu limodzi. Poyamba tonse tinali maso pa TV. Mayi uja atadzuka, aliyense anayamba kuba maso kuyang'ana mnzake: kodi uja waseka? Kodi ine andiona ndikumwetulira? Munthu amene akudziyang'anira nkhope saseka.

Tsono wina anena kuti, kodi ife Achewa si anthu okonda kuseleulana? Zoona, ndipo kuseleulana kwathu n'kowawa kuposa kwa pa TV. Msuweni wako, mwana wa amalume kapena wa azakhali, akhoza kukuuza pagulu kuti mutu wako uli ngati dzungu lakudambo. Akhoza kukutcha mkazi wake mwamuna wako ali pomwepo, akhoza kugwira nkhuku yako n'kumapita nayo uku akukunena kuti ndiwe womana. Agogo amatcha mdzukulu wawo "mwamuna wanga" n'kumamunyogodola kuti sadziwa kupalira. Ngakhale pamaliro, pamene mitima yasweka, adzukulu ali ndi ufulu wolankhula zimene wina aliyense atalankhula angaitanidwe kubwalo. Mukawoloka malire pa Mchinji kupita ku Chipata mukapeza chimbuya cha Angoni ndi Abemba, mitundu imene inamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800 koma lero imatukwanizana mwachibale, mpaka kupakana ufa pamaliro. Katswiri wa zachikhalidwe A. R. Radcliffe-Brown analemba za ubale wotere mu 1940, n'kuufotokoza ngati chipongwe chololedwa.

Koma taonani malamulo ake, chifukwa alipo ngakhale palibe anawalemba. Onse awiri amadziwa kuti ndi asuweni. Sungakumane ndi mlendo pa depoti n'kuyamba kumunena mutu. Wonenedwayo ali pomwepo ndipo ali ndi pakamwa. Ukamunena dzungu, iye akubwezera za miyendo yako, ndipo kukoma kwake kuli pa kubwezeranako. Chachikulu, amene amakuseleula ndi yemweyo amagona nawe kuchipatala ukadwala, ndi yemweyo amathamanga ndi khasu zikavuta. Chipongwe chake anachilipira kale ndi ubale. Ndipo ngakhale msuweni wolusa pakamwa chotani ali ndi malire amene sadumpha: sanganene za mwana wako amene unaika m'manda mwezi watha.

Gule wamkulu naye amaseka anthu, ndipo UNESCO itamulemekeza mu 2005 sinalemekeze chinthu chofatsa. Simoni wa nkhope yofiira uja amatonza mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo zilombo zina zimatonza chidakwa, wachiwerewere, mfumu yadyera. Koma onani kumene muvi umaloza. Umaloza kwa wamphamvu amene sungamunene maso ndi maso, kapena ku khalidwe limene munthu angalisiye. Khungu limene munthu anabadwa nalo si khalidwe. Makolo omwewo anatisiyira chenjezo lakuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza.

Sewero la pa TV likabwereka chipongwe cha chisuweni, limabwereka mawu okha, ubalewo n'kuusiya. Mnyamata wonyamula mbale uja sanali msuweni wa wina aliyense m'nkhanimo. Sanapatsidwe dzina, sanapatsidwe mawu ngakhale amodzi oti ayankhe. Anamulowetsa kuti anenedwe, n'kumutulutsa.

Pali mtsutso wina wamphamvu kuposa wa alamu anga, ndipo olemba masewero amaukonda. Amati: amene tikumuseka ndi wolankhula zopusayo, osati wonenedwayo. Mlandu wodziwika bwino pa mfundoyi ndi wa Fawlty Towers, sewero la BBC lonena za hotela ina ya ku Torquay, limene John Cleese ndi Connie Booth analemba zigawo 12 zokha, mu 1975 ndi mu 1979. Gawo lotchedwa The Germans, la mu 1975, ambiri amaliika pakati pa zoseketsa kwambiri zimene TV ya ku Britain inatulutsapo. Mwini hotela wavulala m'mutu, wabwerera kuntchito asanachire, ndipo pofuna kupewa kutchula za nkhondo pamaso pa alendo a ku Germany, akungotchula nkhondo yomweyo pa chiganizo chilichonse. Koma m'gawo lomwelo muli kachigawo kena pamene mkulu wina wopuma usilikali, Major Gowen, akusimba za mpira wa cricket n'kutchula anthu akuda ndi amwenye mayina achipongwe kwambiri. Mu 2013 BBC inadula mawuwo pobwereza gawolo. Mu Juni 2020 kampani ya UKTV inalichotsa lonse pa intaneti, Cleese anakwiya n'kunena kuti iwo ankamuseka mkuluyo, sankagwirizana ndi maganizo ake, ndipo patapita masiku ochepa gawolo linabwezeretsedwa lili ndi chenjezo kumayambiriro.

Ine ndimaona kuti gawo limodzili lili ndi mitundu iwiri ya nthabwala, ndipo kusiyana kwake n'kumene kukutiphunzitsa. Alendo a ku Germany aja ali pomwepo, ndi anthu aulemu, akuyankha, ndipo wochita manyazi pamapeto ndi mwini hotela. Anthu amene Major ankawatchula mayina aja sanali patebulopo kuti ayankhe.

Ndipo mfundo yakuti tikuseka wolankhulayo ili ndi bowo limene ofufuza analiona kale. Mu 1971 ku America kunayamba sewero la All in the Family, limene Norman Lear analitengera ku sewero la ku Britain la Till Death Us Do Part. Mwini nkhani anali Archie Bunker, bambo watsankho, ndipo cholinga chinali chakuti anthu aone kupusa kwa tsankho. Mu 1974 Neil Vidmar ndi Milton Rokeach anafunsa oonera, achinyamata a ku America ndi akuluakulu a ku Canada, n'kupeza kuti amene anali kale ndi mtima watsankho ankamukonda Archie, n'kumamuona ngati wolankhula zoona. Sewero limodzi, anthu awiri akhala pampando umodzi, wina akuseka kupusa kwa munthuyo, wina akuombera m'manja kulimba mtima kwake. Thomas Ford ndi anzake anapitiriza pamenepa. Pa kafukufuku wawo wa mu 2008, amuna amene anali kale ndi mtima wonyoza akazi, atamva nthabwala zonyoza akazi, anali okonzeka kupereka ndalama zochepa ku bungwe lothandiza amayi. Nthabwalazo sizinabzale chidani mwa amene analibe. Zinangouza amene anali nacho kuti pano ndi pabwino, akhoza kuchitulutsa.

Sindikunena kuti munthu woipa mtima asamaoneke m'sewero. Manganya wa mu Tikuferanji, amene Michael Usi anamusewera zaka zambiri asanadzakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, sanatchuke chifukwa chokhala mngelo. Funso ndi lakuti, mawu oipawo akatuluka, nkhani imachita nawo chiyani? M'gawo la suti lija, wakatapila akanangomusiya pakhosi n'kumuyang'ana mwa kunyansidwa, kapena mnyamata uja akanaika mbale pansi n'kumubwezera mawu amodzi okha oti bwana wa suti yobwereka asowe pogwira, tikanaseka kwambiri, ndipo mayi uja mwina akanaseka kuposa tonse. Sizinatero. Wolankhulayo analipidwa ndi chikhakhali.

Za anthu a khungu lachialubino n'zoonekeratu chifukwa pali magazi. Zovuta kuweruza ndi zija za kalankhulidwe. Kasungu ndi boma losakanikirana: maesiteti a fodya akhala akukoka matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, ndipo mukafika cha ku Nkhamenya Chitumbuka chimamveka pamsika mofanana ndi Chichewa. Kuyeserera kalankhulidwe ka mnzako timachita tonse, ndipo nthawi zambiri mwini wake ndi amene amayamba kuseka. Zimayamba kununkha pamene m'sewero lililonse wolankhula mwa chigawo chakutichakuti amakhala wantchito wopusa, kapena wakuba, kapena waumbombo, ndipo palibenso china chimene akudziwika nacho. Ambiri a ife tinaonera Mind Your Language pa ma CD ogula pamsika, sewero la kalasi ya Chingerezi ya alendo mu London, limene nthabwala zake zambiri zinali pa kalankhulidwe ndi zizolowezi za mitundu. Linayamba mu 1977, ndipo mu 1979 mkulu wina wa kampani yomwe inkalipanga, Michael Grade, analiimitsa chifukwa chosakondwa ndi mmene linkaonetsera mitundu ya anthu. Ndivomere kuti ine ndinaliseka kwambiri, mwina chifukwa m'kalasimo munalibe Mmalawi. Ku America, Apu wa mu sewero la makatuni la The Simpsons, mmwenye wogulitsa m'sitolo, anaseketsa anthu zaka pafupifupi 30, mpaka wanthabwala Hari Kondabolu, wa makolo ochokera ku India, anaonetsa mu 2017 mmene ana achimwenye ankatonzedwera kusukulu ndi mawu a Apu. Mu 2020 Hank Azaria, mzungu amene ankalankhula mawu a Apu, anasiya.

Chaka cha 2020 chimenechi chikungobwerabwera chifukwa George Floyd, bambo wachikuda wa ku America, ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 Meyi, makampani ambiri anayamba kusanthula nkhokwe zawo. Wolemba masewero Tina Fey anapempha kuti zigawo zinayi za sewero lake la 30 Rock, zimene azungu anadzipaka nkhope kuti aoneke akuda, zichotsedwe. Sewero la Little Britain linachotsedwa pa BBC iPlayer ndi pa Netflix. Kufupi ndi kwathu, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti ya Showmax inachotsa mafilimu ena a Leon Schuster, amene ambiri kuno tinakula tikuwaonera. Koma zinayamba kale. Pa 7 Meyi 1998, sewero la ku America la Seinfeld litatsala pang'ono kutha, kunaulutsidwa gawo limene mmodzi wa anthu a m'sewerolo, Kramer, anawotcha mwangozi mbendera ya Puerto Rico n'kumaipondaponda pozimitsa moto. Anthu a ku Puerto Rico anakwiya, wailesi ya kanema ya NBC inapepesa, ndipo gawolo linatha zaka zingapo osabwerezedwa.

Njira ndiye zimenezo: kuchotsa gawo lonse, kudula mawu oipawo, kapena kulisiya ndi chenjezo. Pa masewero akale, ine ndimakonda chenjezo, chifukwa kubisa zimene makolo ankaseka ndi kunamiza ana kuti dziko linali loyera. Ndipo ife a ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, mawu oti "kuletsa" tiyenera kuwagwira ndi manja awiri. Lamulo loyang'anira mabuku, mafilimu ndi zisudzo la mu 1968 tikudziwa mmene linagwirira ntchito, nthawi imene wazisudzo ankayenera kupereka zolemba zake kuti ziunikidwe asanakwere pa siteji, ndipo olemba ena anakagona ku Mikuyu. Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 anatipatsa ufulu wolankhula mu ndime 35, ndipo ndime 20 imaletsa tsankho, kuphatikizapo la pa ulumali. Sindingakonde kuti wapolisi ndi amene azindiuza nthabwala yoyenera kuseka.

Koma gawo la suti lija silinali lakale, ndipo silinkafuna wapolisi. Linadutsa m'manja mwa wolemba, wotsogolera, osewera, wojambula, wolumikiza zithunzi ndi woulutsa. Aliyense wa iwo akanatha kufunsa funso limodzi losavuta limene olemba abwino amadzifunsa: mawu awa titawachotsa, nkhani iluza chiyani? Yankho lake n'lakuti palibe. Suti ikanakhalabe yobwereka, wakatapila akanakhalabe pakhosi. Mawu aja sanali mzati wa nyumba. Anali njira yachidule ya wolemba amene nthabwala zenizeni zinamuthera patatsala mphindi zisanu, n'kutola chimene chinali pafupi. Kupeka nkhani ya wakatapila wodziwa suti osadziwa nkhope kumafuna mutu. Kuloza munthu wooneka mosiyana n'kunena kuti onani uyo, mwana wa sitandade 2 amatha.

Ndinawauza alamu anga zina mwa izi, osati zonse, chifukwa tiyi anali atazizira ndipo iwo ankathamangira kumunda. Sanavomere, sanakane. Anangoti, "Komabe pa suti paja anatha."

Loweruka lotsatira ndinalinso komweko. Pabalaza panadzaza monga kale. Mayi uja anabwera mochedwa, sewero litayamba, ndipo sanakhale pampando wautali pamene amakhala nthawi zonse. Anakhala pa kampando ka pafupi ndi chitseko, khanda lili kumsana osalitsitsa. Mwana wake wamkazi uja sanabwere naye. Alamu anga, amene rimoti amaisiya pamwamba pa kabati kuti ana asaseweretse, tsiku limenelo anaigwira m'manja mpaka sewero linatha.